Kodi mliri umasokoneza bwanji maphunziro a madokotala ogonetsa odwala?

Funso: Wowerenga wina, yemwe akumaliza maphunziro a udokotala ndipo akufuna kudzakhala katswiri wogonetsa odwala pa opaleshoni, wafunsa kuti: "Ndamva ena akunena kuti madokotala ogonetsa odwala amene anaphunzira pa nthawi ya COVID-19 anadziwa zambiri kuposa anzawo chifukwa ankasamalira odwala mwakayakaya usana ndi usiku, pomwe ena akunena kuti maphunziro awo anaonongeka. Zoona ndi ziti? Nanga mliri wina utagwa ine ndili pakati pa maphunziro, ndiyembekezere chiyani?"

Yankho: Magulu awiri onsewa akunena zoona, kungoti lililonse likuyang'ana mbali imodzi ya nkhaniyi. Mliri suimitsa maphunziro a dokotala wogonetsa odwala, popeza iye ndi mmodzi mwa anthu amene chipatala chimawafuna kwambiri pa nthawi yoteroyo, koma umawapendeketsa. Wophunzira amagwira ntchito yochuluka zedi yosamalira odwala mwakayakaya, ndipo amasowa chinthu chimene luso lathuli limamerapo, chomwe ndi kubwereza ntchito za tsiku ndi tsiku za m'chipinda cha opaleshoni, pa odwala amene sali pangozi, mphunzitsi ataima pambali pake. Kusowa kumeneku kumandidetsa nkhawa chifukwa sikuoneka msanga. Miyezi imapita, kalendala ya maphunziro imaonetsa kuti chaka chatha, wophunzirayo watopa ndiponso wagwira ntchito kuposa kale, motero aliyense amaganiza kuti waphunzira, pomwe manja ake sanachite zimene ankayenera kuchita m'chaka chimenecho.

Kuti mumvetse chifukwa chake, muyenera kudziwa kaye mmene luso limeneli limalowera mwa munthu. Anthu ambiri amaganiza kuti ntchito yathu ndi kubaya jakisoni woti wodwala agone basi. Kumugoneka sikuvuta. Chovuta n'chakuti mankhwala amene amamugoneka amafooketsanso kupuma kwake, amatsitsa kuthamanga kwa magazi ake, ndipo amachotsa mphamvu imene thupi limadzitetezera nayo kuti zam'mimba zisalowe m'mapapo. Choncho kuyambira pamene wodwala wagona mpaka pamene wadzuka, dokotala wogonetsa ndiye amene amamupumira ndi kumulondera. Ayenera kudziwa kukankha chibwano ndi kugwira masiki kuti mpweya udutse, kupopa mpweya ndi thumba la m'manja, kulowetsa chubu m'kholingo, kubaya jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi, kupeza mitsempha ikuluikulu ya magazi, komanso kuzindikira kuti zinthu zayamba kulakwika makina asanalire. Zonsezi zinalembedwa m'mabuku, koma sizilowa m'manja powerenga. Kafukufuku wina wodziwika bwino, amene Konrad ndi anzake anachita ku Switzerland n'kumufalitsa mu 1998, anatsatira madokotala a chaka choyamba cha maphunzirowa ndipo anapeza kuti ankafika pokwanitsa kulowetsa chubu maulendo 9 mwa 10 aliwonse atayesa pafupifupi maulendo 57, kuti jakisoni wa pamsana ankafuna maulendo pafupifupi 71, ndiponso kuti pa jakisoni wa epidural, womwe ndi mtundu wina wa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi, ngakhale atayesa maulendo 90, ankakwanitsa maulendo 8 okha mwa 10. Manambala amenewa amasintha malinga ndi munthu komanso mphunzitsi wake, koma uthenga wake ndi umodzi, wakuti luso limadza ndi kubwereza, ndipo kubwereza kumafuna odwala.

N'chifukwa chake mabungwe oyendetsa maphunzirowa sawerenga zaka zokha. Ku America, kumene maphunziro a ukatswiri umenewu amatenga zaka 4, bungwe lowayang'anira la ACGME limafuna kuti wophunzira asanamalize akhale atabaya jakisoni wa pamsana kwa odwala osachepera 40, wa epidural kwa odwala 40, atagonetsa kapena kuchititsa dzanzi amayi 20 pa opaleshoni yotulutsa mwana, komanso atagonetsa ana 100 osakwana zaka 12. Ku United Kingdom maphunzirowa amatenga zaka 7, ndipo wophunzira amadutsa m'magawo osiyanasiyana monga opaleshoni ya ana, ya mtima, ya ubongo ndi ya amayi oyembekezera, gawo lililonse kwa miyezi yowerengeka. Dongosolo lonseli linakonzedwa poganiza kuti zipinda za opaleshoni zidzakhala zikugwira ntchito tsiku lililonse.

Mliri umagunda pomwepo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO litalengeza pa 11 Marichi 2020 kuti COVID-19 yasanduka mliri wa dziko lonse, zipatala zambiri zinaimitsa maopaleshoni amene akanatha kudikira, pofuna kusunga mabedi, zovala zodzitetezera, mankhwala ndi ogwira ntchito. Gulu la ofufuza la COVIDSurg linawerengera kuti maopaleshoni pafupifupi 28 miliyoni akanalephereka kapena kusunthidwa pa dziko lonse m'masabata 12 amene mliri unavuta kwambiri. Chiwerengerochi chimatchulidwa kawirikawiri pofuna kuonetsa mmene odwala anavutikira, ndipo n'zoona kuti anavutika, koma kwa mphunzitsi chili ndi tanthauzo linanso. Maopaleshoni amene amayamba kuimitsidwa ndi omwe aja a odwala amphamvu, okonzekera bwino, osala chakudya monga analangizidwira, obwera masana pamene akatswiri onse alipo, monga a nthenda ya phudzi, a bondo kapena ochotsa zotupa zapakhosi mwa ana. Amenewa ndiwo odwala amene wophunzira watsopano amayambirapo, chifukwa akalephera kulowetsa chubu ulendo woyamba, mapapo a wodwalayo amakhala ndi mpweya wokwanira kuti mphunzitsi amuongolere dzanja n'kuyesanso popanda choopsa. Amene amatsala ndi maopaleshoni adzidzidzi: ovulala pangozi, otsekeka matumbo, amayi otaya magazi, odwala khansa yosadikirika. Pa odwala oterowo palibe mpata woyeserera, ndipo mphunzitsi wanzeru sangapereke ntchitoyo kwa munthu amene angoyamba kumene. Wophunzira amene miyezi yake itatu ya opaleshoni ya ana inagwera m'nyengo imeneyo anaona ana ochepa kwambiri, ndipo miyeziyo itatha dongosolo linamusunthira kugawo lina ngati kuti zonse zayenda bwino.

Palinso chinthu chachiwiri, chimene chinakhudza ntchito yathu kuposa ukatswiri wina uliwonse. Matenda ofala kudzera mu mpweya amachititsa kuti malo amene dokotala wogonetsa amaima, kumutu kwa wodwala, nkhope yake itayandikana ndi pakamwa potseguka, akhale malo oopsa kwambiri m'chipinda chonse. Izi zinadziwika kale pa mliri wa SARS, matenda enanso a m'mapapo, mu 2003, pamene ogwira ntchito zachipatala ku Toronto, m'dziko la Canada, ndi kwina anatenga matendawa atathandiza kulowetsa chubu. Choncho mu Marichi 2020 mabungwe a akatswiri, kuphatikizapo Difficult Airway Society ya ku United Kingdom, anatulutsa malangizo omveka bwino akuti m'chipinda mukhale anthu ochepa, chubu chilowetsedwe ndi munthu waluso kwambiri amene alipo kuti chilowe ulendo woyamba, agwiritse ntchito chipangizo cha kamera chimene chimaonetsa kholingo pa sikirini kuti nkhope yake italikirane ndi ya wodwala, apereke mankhwala mwachangu, ndipo apewe kupopa mpweya ndi masiki ngati n'kotheka. Mantha amenewa sanali opanda maziko. Kafukufuku wa intubateCOVID, amene anachitika m'mayiko 17, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa ogwira ntchito 10 aliwonse amene anatenga nawo mbali polowetsa chubu kwa odwalawa anadzapezeka ndi kachilomboko kapena kuonetsa zizindikiro zake pambuyo pake, ngakhale kuti sizinali zotheka kutsimikiza kuti aliyense anakatengera pa ntchitoyo.

Taonani tsono zimene malangizowa amachita kwa wophunzira. Lamulo lakuti waluso kwambiri ndiye agwire ntchitoyo limatanthauza kuti wosadziwa atuluke panja, ndipo popeza m'miyezi yoyamba zipangizo zoyezera kachilomboko zinali zochepa, zipatala zambiri zinkatenga wodwala aliyense ngati ali nako, motero lamuloli linafalikira ngakhale kwa odwala amene analibe matendawa. Kupewa kupopa mpweya ndi masiki kunachotsa luso limene ine ndimaliona kuti ndi lofunika kuposa kulowetsa chubu kwenikweniko, chifukwa wodwala safa chifukwa chakuti chubu sichinalowe, amafa chifukwa chakuti mpweya sunafike m'mapapo, ndipo dokotala amene amatha kugwira masiki bwino amakhala ndi nthawi yoganiza, yoyesa njira ina ndi yoitana thandizo. Chipangizo cha kamera nacho chili ndi mbali ziwiri. Ndi chida chabwino chophunzitsira, popeza mphunzitsi amaona pa sikirini zimene wophunzira akuona, koma amene wazolowera kamera yokha amavutika tsiku limene magazi kapena masanzi aphimba galasi lake, kapena pamene wapezeka m'chipatala chimene chilibe chipangizocho. Maganizo anga ndi akuti kutulutsa ophunzira kunali koyenera m'masabata oyamba, pamene palibe amene ankadziwa kukula kwa ngoziyo ndipo zovala zodzitetezera zinali zoperewera. Cholakwika chinali kupitiriza mchitidwewu kwa miyezi yambiri zinthu zitasintha. Ofufuza a ku Bristol, ku United Kingdom, atayeza tinthu tosaoneka timene timauluka mu mpweya m'chipinda cha opaleshoni, anapeza kuti kulowetsa chubu mwa wodwala amene wagona bwino ndipo minofu yake yafooketsedwa ndi mankhwala kumatulutsa tinthu tochepa kwambiri poyerekeza ndi kutsokomola kumodzi. Komabe lamulo limene lakhazikitsidwa chifukwa cha mantha limachedwa kuchoka, ndipo mwezi uliwonse umene linakhalapo mopanda chifukwa, ophunzira ndiwo analipira.

Tsopano tione zimene anapindula, chifukwa si zazing'ono. Ubale wa madokotala ogonetsa ndi odwala mwakayakaya unayambira pa mliri. Mu 1952, poliyo atavuta ku Copenhagen, m'dziko la Denmark, chipatala cha Blegdam chinadzaza ndi odwala amene minofu yawo yopumira inali itafa ziwalo, ndipo makina othandizira kupuma anali owerengeka. Dokotala wogonetsa odwala, Bjørn Ibsen, anapereka nzeru yakuti odwalawo abooledwe pakhosi, aikidwe chubu, n'kumapoperedwa mpweya ndi manja monga zimachitikira pa opaleshoni. Ophunzira udokotala oposa 1,000 ankasinthana usana ndi usiku kupopa matumba a mpweya, ndipo imfa pakati pa odwala oterowo zinatsika kuchoka pa oposa 80 mwa 100 aliwonse kufika pafupifupi 40. Chaka chotsatira Ibsen anatsegula chipinda chimene ambiri amachitenga kuti ndicho choyamba chosamaliramo odwala mwakayakaya. Choncho pamene ophunzira anachotsedwa m'zipinda za opaleshoni mu 2020 n'kutumizidwa ku zipinda zoterezi, zotchedwa ICU, sanatumizidwe kuchilendo. Kumeneko anaphunzira kuyendetsa makina othandizira kupuma pa mapapo owonongeka, kugoneka wodwala chafufumimba kuti okosijeni alowe bwino m'magazi, kuika machubu m'mitsempha ikuluikulu, kugwiritsa ntchito makina ounikira mapapo ndi mtima pabedi pomwepo, kusamutsa wodwala wodalira makina, ndi kutsogolera gulu la anthu osadziwana. Anaphunziranso kuuza abale pa foni kuti wokondedwa wawo akutsirizika, ntchito yowawa imene ambiri a ife tinaiphunzira mochedwa kwambiri. Ndaona ambiri a iwo ali odekha pamaso pa wodwala amene okosijeni wake akutsika, kudekha kumene kale kunkabwera patapita zaka zambiri.

Koma akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ntchito ya ku ICU pa nthawi ya mliri inali yochuluka koma ya mtundu umodzi, matenda amodzimodzi pabedi lililonse, kotero kuti wophunzira akanatha kukhala kumeneko miyezi 6 osaona wodwala wochokera ku opaleshoni yaikulu ya mtima kapena wovulala m'mutu. Kuonjezera apo, kugwira ntchito kumasiyana ndi kuphunzira. Munthu amaphunzira pamene wina wodziwa waona zimene wachita n'kumuuza pamene walakwitsa, ndipo katswiri amene akuyang'anira odwala ochuluka kuwirikiza kawiri kapena katatu kuposa masiku onse sapeza nthawi yochita zimenezo. Choopsa china n'chakuti njira zimene zinagwiritsidwa ntchito chifukwa cha kusowa pogwira zikhoza kuoneka kwa wophunzira watsopano ngati ndiyo njira yoyenera. Makina ogonetsera anagwiritsidwa ntchito m'malo mwa makina opumira a ku ICU kwa masiku ambiri, pomwe anapangidwa kuti azigwira ntchito kwa maola ochepa dokotala ali pomwepo. Mankhwala monga propofol, amene amagonetsa wodwala, ndi ofooketsa minofu anachepa m'mayiko ambiri, ndipo ena analowa m'malo mwake. Bokosi la pulasitiki lophimba mutu wa wodwala polowetsa chubu linafalikira dziko lonse lisanayesedwe mokwanira, mpaka pamene kafukufuku anaonetsa kuti limachedwetsa ntchitoyo ndiponso silingadaliridwe kuteteza dokotala, ndipo mu Ogasiti 2020 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachotsa chilolezo chimene linapereka pa mabokosi oterowo. Katswiri wazaka zambiri amadziwa kuti izi zinali za kanthawi. Wophunzira amene sanaonepo zina amafunika wina womuuza.

Kukula kwa vutoli kumadaliranso pamene mliri wakupezani. Amene amavutika kwambiri ndi a chaka choyamba, chifukwa alibe maziko aliwonse ndipo ndiwo amayamba kutulutsidwa m'chipinda. Apakati amataya magawo apadera amene amabwera kamodzi kokha. Omaliza amataya chinthu china chosawerengeka m'kaundula wa odwala amene wophunzira wawagonetsa, chomwe ndi mwayi woyendetsa okha mndandanda wonse wa maopaleshoni a tsikulo katswiri ali patali pang'ono, kumene ndiko kumamukonzekeretsa munthu kusenza udindo payekha.

Za maphunziro a m'kalasi ndi mayeso sindikhalitsapo, chifukwa ndizo zinakonzedwa mofulumira. Royal College of Anaesthetists, yomwe imayendetsa mayeso a madokotala ogonetsa ku United Kingdom, inaimitsa mayeso ake mu Marichi 2020 n'kuwayambiranso pa intaneti chaka chomwecho, ndipo American Board of Anesthesiology, yomwe imagwira ntchito yomweyo ku America, inachedwetsa mayeso ake omaliza n'kuyamba kuwachititsa pa intaneti mu 2021. Kuchedwa kumeneku kunasautsa anthu amene anali atawerenga miyezi yambiri, koma mayeso ochedwa amalembedwabe. Maphunziro a pa intaneti anabweretsanso ubwino umene watsala mpaka pano, chifukwa wophunzira wa m'chipatala chaching'ono akhoza kumvera katswiri wa kutali popanda kuyenda ulendo. Zidole zophunzirira ndi zipinda zoyeserera ngozi zinathandiza kwambiri pophunzitsa kuvala ndi kuvula zodzitetezera komanso kugwirizana kwa gulu. Komabe chidole sichituluka malovu, khosi lake silisintha, ndipo sichichititsa mtima wa wophunzira kugunda monga zimachitikira pamene munthu weniweni wayamba kuda milomo. Chimene chinatayika mwakachetechete ndi kukambirana kuja kwa kumutu kwa wodwala opaleshoni ili mkati, pamene mphunzitsi amafunsa kuti mukanatani magazi akanatsika tsopano, kapena chifukwa chiyani mwasankha mankhwala awa osati ena. Mbali yaikulu ya nzeru za ntchitoyi imapatsirana m'maola amenewo, ndipo masiki olimba, magalasi ophimba nkhope ndi kutopa zinachititsa anthu kulankhula zofunika zokha.

Chimodzi chimene ndikuchiyamikira ndi zimene anachita ku United Kingdom pounika ophunzira pakutha pa chaka. Anakhazikitsa zotsatira zapadera, zotchedwa 10.1 ndi 10.2, zosonyeza kuti wophunzira sanakwanitse zina chifukwa cha mliri osati chifukwa cha kulephera kwake. Choyambacho chinkamulola kupita patsogolo n'kudzakwaniritsa zotsalazo pambuyo pake, pomwe chachiwiricho chinkamupatsa nthawi yoonjezera ngati wafika pamalo pamene sangadutse popanda lusolo. Ubwino wa njirayi ndi wakuti inalemba mpatawo poyera m'malo moubisa, ndipo inachotsa manyazi amene akanachititsa wophunzira kunamizira kuti akudziwa.

Sitingasiyenso kunja thupi ndi mtima wa wophunzirayo. Ena anadwala, ena anakhala kwaokha masabata angapo mobwerezabwereza, ena anachotsedwa pa ntchito zoopsa chifukwa cha pakati kapena matenda ena, ndipo ambiri anakhala motalikirana ndi mabanja awo poopa kuwapatsira. Anaona imfa zambiri pa msinkhu umene anali asanaphunzire kuzisenza, ndipo nthawi zina ankadziwa kuti chisamaliro chimene akupereka n'chochepa kuposa chimene wodwala akanalandira pa nthawi yabwino. Izi zimakhudza maphunziro mwachindunji, chifukwa munthu wosagona mokwanira ndiponso wamantha sasunga zimene waphunzira, safunsa mafunso, ndipo ena amafika posiya ntchitoyo.

M'mayiko amene madokotala ogonetsa ndi ochepa, nkhaniyi imakhala yolemera mwa njira ina. Kafukufuku wa bungwe la madokotala ogonetsa a pa dziko lonse la WFSA, amene anafalitsidwa mu 2017, anapeza kuti mayiko 77 anali ndi madokotala ogonetsa osakwana 5 pa anthu 100,000 aliwonse. Kumene aphunzitsi ali awiri kapena atatu okha, mmodzi akadwala kapena akapatsidwa udindo woyendetsa chipinda cha odwala mliri, maphunziro onse amagwedezeka, kuphatikizapo a anamwino ndi azachipatala ena amene amagonetsa odwala ambiri m'mayiko oterowo. Kutsekedwa kwa malire kunaimitsa aphunzitsi obwera kuchokera kunja, ndiponso kunalepheretsa ophunzira amene ankayenera kukaphunzira magawo apadera m'dziko lina. Ophunzira kumeneko sanatulutsidwe m'chipinda kwambiri, popeza panalibe wina wolowa m'malo mwawo, koma anasiyidwa okha msanga kuposa mmene zinayenera kukhalira, zomwe zimabala munthu wolimba mtima amene zizolowezi zake zolakwika palibe anazikonza.

Mwina mukuganiza kuti mliri ukatha zonse zimabwerera m'malo. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti COVID-19 siinalinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse, koma zipatala zinatsala ndi mndandanda wautali wa odwala odikira opaleshoni. Mndandanda umenewu ukhoza kukhala mwayi waukulu wophunzirira, koma ukhozanso kutsekera ophunzira kunja kachiwiri, chifukwa oyang'anira zipatala amafuna kuti maopaleshoni ambiri achitike pa tsiku, ndipo kuphunzitsa kumachedwetsa ntchito. Kumene odwalawo anatumizidwa kuzipatala zina zopanda ophunzira kuti mndandanda uthe msanga, maopaleshoni osavuta aja anachokanso m'manja mwa amene ankawafuna kwambiri. Ndikukhulupirira kuti chipatala chimene chimasankha liwiro lokha pa nthawi imeneyi chikudya mbewu, popeza amene adzagonetse odwala zaka 10 zikubwerazi ndi omwewa amene lero akuoneka ngati akuchedwetsa ntchito.

Kodi tsono amene anaphunzira pa nthawiyi ndi madokotala operewera? Sindikuona choncho, ndipo wodwala asachite mantha kugonetsedwa ndi iwo. Mipata imene mliri umasiya si yosatsekeka, ndipo si ya luso lonse. Ndi mipata yodziwika, monga ana aang'ono ochepa, jakisoni wochititsa dzanzi mkono kapena mwendo wochepa, kapena kusazolowera kulowetsa chubu popanda kamera, ndipo munthu amene ali kale ndi maziko ena amaitseka m'miyezi yochepa akapatsidwa odwala oyenera ndi mphunzitsi. Ngozi imakhalapo pokhapokha mpatawo ukabisika, ndipo umabisika pamene sukulu yawerenga miyezi m'malo moona zimene munthu akutha kuchita.

Ponena za inu, mliri wina ukadzagwa muli pa maphunziro, yembekezerani kuti mudzasamutsidwa, kuti mayeso adzasunthidwa, ndiponso kuti magawo ena adzakudutsani. Pitani kumene mwaitanidwa ndi mtima wonse, chifukwa ndi ntchito yathu ndipo mudzaphunzirako zinthu zimene simungaziphunzire nthawi ina, koma musalowe m'chipinda cha wodwala matenda opatsirana musanaphunzitsidwe kuvala ndi kuvula zodzitetezera ndiponso masiki anu asanayesedwe kuti akukukwanani, ndipo kukana kulowa popanda zimenezi si mantha. Lembani m'kaundula wanu wodwala aliyense amene mwamugonetsa, njira imene mwagwiritsa ntchito, ndi ngati munachita nokha kapena munangoonerera, chifukwa kaundula woona ndiye umboni wokha umene udzakuthandizeni kupempha nthawi yoonjezera. Zida zoyezera zikapezeka ndipo chipatala chayamba kusiyanitsa odwala opanda kachilombo, pemphani kuti mubwerere kumutu kwa odwala amenewo, ndipo pamene kuli kotetezeka pemphani kugwira masiki kwa mphindi zingapo musanalowetse chubu, komanso kuyang'ana kholingo ndi maso anu pamene mphunzitsi akuyang'ana pa sikirini. Maopaleshoni otulutsa mwana saima pa mliri uliwonse, choncho chipinda cha amayi oyembekezera chidzakhala malo anu ophunzirira jakisoni wa pamsana. Ndipo mukafika kumapeto kwa chaka n'kuona kuti ana amene mwawagonetsa ndi ochepa kuposa amene ankafunika, kanenani kwa woyang'anira maphunziro anu iye asanakufunseni, mupemphe kuti gawo limenelo libwerezedwe, ngakhale zitatanthauza kumaliza miyezi ingapo pambuyo pa anzanu.